Menya Mpando Theche, Usacheuke

Chinzake cha Manang Doring ndi mtsikana wa ku Mongolia chinayambira pa chala chachikulu cha kuphazi.

Mmawa umenewo ana asukulu anali pikitipikiti pa geti la yunivesite, aliyense kulimbirana kulowa belu lisanalire. Manang Doring, mayi achikulire ndithu, anali atangoimika kangolo kawo ka nthochi zokazinga pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi kanyumba ka alonda. Akuti awerame kuti ayatse moto, anangomva dyaa! pa chala. Inali nsapato yachikopa, yolemera ngati ya msilikali, m'kutentha konse kwa mumzinda wa Iloilo muno.

"Mayo ine! Chala changa chapita!"

Asanamalize n'kukuwa komwe, wowapondayo anali atawagwira kale dzanja, akuligwedeza ndi mphamvu zake zonse, maso ali pansi. Anali mtsikana wamtali ngati mlongoti, masaya psuu, thukuta kamukamu. Sanatulutse liwu. Anagwedeza dzanja lija, kulisiya, liwiro la mkati.

Nong Tasyo, mlonda wa pageti, anasuzumira pazenera. Awiriwa anakulira mumsewu umodzi, ndipo zaka makumi asanu zinali zisanawakwanire kunyogodolana.

"Wakuthokozatu, Doring! Akuti phazi lako n'lofewa kuposa kapeti."

"Khala chete iwe, mfuti yopanda zipolopolo."

Mawa lake Manang Doring anamuonera patali mtsikana uja, mutu uli pamwamba pa anzake onse. Mtima wa chibwana unawagwira. Anatulutsa phazi lina lija, losavulala, n'kuliika panjira mwadala. Dyaa! Dzanja gwi! Koma ulendo uno amene sanasiye dzanja anali Manang Doring. Anamukokera pafupi ndi chiwaya, namufumbatitsa kamtengo ka nthochi ziwiri zotentha, shuga akutsetsereka.

"Idya. Zala zanga zatsala zisanu ndi zitatu, tiyambe tadziwana zisanathe."

Anatero m'Chingerezi. Paja sukulu anasiyira giredi folo, ndiye Chingerezi chawo chinali chotola: china kwa ansembe, china pa wailesi, china kwa ana asukulu okangana pa kangolo. Chinali ngati jipini yakale, minibasi ya kuno ija, mabuleki palibe, nyali imodzi, utsi tolo, koma kofuna kupita imafika. Cha mtsikanayo, amene dzina lake anali Uyanga, chinali cha mtundu wina. Chinali m'makope asanu ndi limodzi, cholembedwa bwino ngati chosindikiza. Koma munthu akangomuyang'ana m'maso, lilime lake linkagona tulo.

Kuyambira sabata imeneyo, akaweruka, Uyanga ankabwera kudzakhala pa kireti kuseri kwa kangolo, kumasenda nthochi. Manang Doring maso ali pa chiwaya, iye ali kumsana kwawo. Ndipotu kumsanako ndi kumene mawu ankatulukira, poyamba amodziamodzi ngati madzi a pampopi wa boma, kenako osaleka. Anawauza za kuzizira kwa kwawo koumitsa nsidze. Anawauza kuti anabwera kudzaphunzira Chingerezi chaka chimodzi kuti alowe sukulu ya unamwino pomwepo. Anawauzanso za dzanja lija.

"Kwathu phazi lako likakhudza phazi la munthu, umamugwira dzanja nthawi yomweyo. Ukapanda kutero mudzakhala adani."

"Ngakhale munthu wosam'dziwa?"

"Makamaka wosam'dziwa, Manang."

"Ndiye ukanandithyola mwendo ukanandikwatira?"

Uyanga anaseka mpaka nthochi kugwera m'fumbi. Koma Manang Doring akatembenuka kuti amuone akuseka, kapena Nong Tasyo akabwera kudzapempha zopserera, pakamwa tseke, zii. Nong Tasyo ankachita kulumbira kuti mtsikanayo ndi wosalankhula, ndipo kuti Doring wayamba kumva mawu m'chiwaya chifukwa cha ukalamba.

Lolemba lina Uyanga anafika maso atatupa. Anakhala pa kireti osagwira mpeni.

"Inday, mwana wanga, wakumenya ndani? Tchula dzina, mafuta ndi otentha kale awa."

Anadikira mpaka Manang Doring atabwerera ku chiwaya, ndiyeno anafotokoza. Lachisanu kunali mayeso olankhula. Munthu amakhala pampando pamaso pa Madamu Villaruel ndi mphunzitsi wina, n'kulankhula mphindi zisanu. Mayeso olemba anakhoza kuposa kalasi yonse, koma olankhulawa anali atalephera kawiri, ndipo kawiri konseko anangotchula dzina lake basi. Akalephera kachitatu, unamwino palibe. Amalume ake amene ankamulipirira anali atanena kale kuti akatero abwerere kwawo mwezi womwewo.

Manang Doring anazimitsa moto, chinthu chimene sankachita ngakhale mvula ikugwa. Anayang'ana kireti ija, naiona m'maganizo mwawo ili yopanda munthu, ndipo sanaikonde n'komwe.

"Pensulo yako anasongola ndani maulendo awiriwo?"

"Pensulo? Ndi mayeso a pakamwa, Manang. Sitilemba."

"Sindinafunse zimenezo. Mazira unapereka kwa masisitere?"

Uyanga anapukusa mutu.

"Chovala chofiira mkati? Khobidi mu nsapato? Mpando unaumenya theche potuluka?"

Kupukusa mutu kokhakokha. Manang Doring anagwira m'chiuno, nayang'ana kumwamba kwa mtengo wa mango ngati mboni ili m'menemo.

"Tasyo! Tabwera udzamve! Mwana uyu analowa m'mayeso kawiri ali chimanjamanja! Aphunzitsi onsewa, ndi madigiri awo, palibe anamuuza! Ndiye akuwaphunzitsa chiyani m'katimu?"

Ntchito inayamba Lachiwiri ndi pensulo. Pensulo ya mayeso imasongoledwa ndi munthu amene anakhalapo nambala wani, kuti nzeru zake zitsikire m'mtengomo. Vuto linali lakuti nambala wani yemwe anali pafupi anali Nong Tasyo, amene zaka zonsezi ankadzitama kuti pa maphunziro a ulonda anaposa onse.

"Munali angati?" anafunsa Manang Doring.

"Zimenezo n'zosafunika."

"Atatu. Mmodzi anadwala m'mimba, wina anagona."

"Nambala wani ndi nambala wani, mayi iwe. Bweretsa pensuloyo."

Anavala chipewa chawo bwinobwino, natulutsa kampeni, nasongola mwaulemu ngati akudula keke ya ukwati. Nsonga inathyoka. Anasongolanso, inathyokanso. Pomwe inkafika m'manja mwa Uyanga, pensulo inali itafupika ngati ndudu yosuta kale.

"Nzeru zake n'zomwezo," anatero Manang Doring. "Zochepa, koma landira."

Lachitatu linali la mazira. Khumi ndi awiri, okutidwa m'pepala lofiira, ndi kakalata kopempha masisitere a kuseri kwa mpanda kuti apempherere mwana wa ku Mongolia. Anakwera jipini itadzaza, anthu mawondo ali gundanegundane. Manang Doring anafungatira mazira pachifuwa, Uyanga analowa chowerama, ndi miyendo yake ija, ndi nsapato zake zija. Dyaa, pa phazi la mayi wa dengu la nsomba. Dzanja. Pobwerera m'mbuyo, dyaa, pa mnyamata wa yunifolomu. Dzanja. Jipini inanyamuka mwadzidzidzi, ndipo anapita dzandidzandi mpaka kutsogolo, akuponda uku ndi uku, akupereka dzanja uku ndi uku, osadumpha ndi mmodzi yemwe.

Mkulu wina wopanda mano anakoka Manang Doring malaya. "Akuimira ukhansala?"

"Umeya, agogo. Musaiwale kum'votera."

"Ali ndi ulemu. Amene tili nayeyu amangotiponda, dzanja osapereka."

Jipini yonse inafa nacho chiseko, ndipo m'kusekamo Manang Doring anafinya phukusi. Atafika pa kazenera ka masisitere, mazira amoyo anali khumi ndi limodzi. Uyanga nkhope inagwa.

"Tsoka limeneli, Manang?"

"Tsoka lanji? Anali khumi ndi awiri, wasweka mmodzi. Ndi Yudasi ameneyo. Bola wachokeratu."

Lachinayi anazungulira msika wonse kufuna chamkati chofiira. Zofiira zinalipo mbwee, koma zonse zosokera atsikana a kuno, timatupi tating'ono. Wogulitsa wina anayang'ana Uyanga kuyambira kumapazi mpaka kumutu, nati mwina asoke ziwiri pamodzi. Mapeto ake anagula kabudula wa anyamata a basiketibolo, wofiira ngati tsabola, wofika m'mawondo, wokhala ndi nambala 23 pantchafu.

"Uvale mkati mwa siketi. Mwayi suyang'ana sitayilo."

Lachisanu mmawa Uyanga anafika pa kangolo pensulo ili kukhutu, siketi itatukumuka ngati ambulera. Manang Doring anamuvula nsapato ya kumanja, naponyamo khobidi la peso imodzi, namuvekanso.

"Tsopano tchera khutu, lamulo lalikulu ndi ili. Ukamaliza, kaya zayenda kaya sizinayende, uimirire, umenye mpando theche. Kutanthauza kuti sudzaukhaliranso. Ukatero utuluke. Usacheuke. Wina akuitane, denga ligwe, kubwere chivomezi, usacheuke mpaka utadutsa geti ili. Ukacheuka, mayeso amakutsatira. Wamva?"

Uyanga anagwedeza mutu, nalowa, akutsimphina pang'ono chifukwa cha peso.

Manang Doring anapirira mphindi zitatu. Kenako anavula epuloni, naikoleka m'khosi mwa Nong Tasyo.

"Uzitembenuza zikafiira."

"Iwe, ndili pa ntchito ine! Ndiponso ogulitsa saloledwa mkati!"

"Ndani akugulitsa? Wogulitsa ndi iweyo."

Anatenga thireyi ya nthochi, naisenza, nalowa ngati munthu woitanidwa. Chipinda cha mayeso anachipeza mosavuta chifukwa panja pake panali ana akumayiko ena atandandalika pabenchi, nkhope ngati odikira dokotala wa mano. Anazungulira kuseri. Zenera linali pamwamba, koma pansi pake panali mphika waukulu wa maluwa. Anapepesa maluwawo, nakwera.

Mkatimo Madamu Villaruel anali atakhala kuseri kwa tebulo, magalasi ali pamphuno, tsitsi lomangidwa ngati mfundo ya chingwe cha sitima. Pambali pawo panali mphunzitsi wachinyamata atagwira wotchi. Uyanga anali pampando wathabwa pakati pa chipinda, manja ali pamawondo.

"Tiuze za mwambo umodzi wa kwanu," anatero Madamu. "Uli ndi mphindi zisanu."

"Dzina langa ndi Uyanga."

Maso anayi anamuyang'ana. Ndipo basi. Pakamwa panatseguka, panatsekeka. Fani ya kudenga inkangozungulira. Manang Doring pazenera ankatafuna mawu m'malo mwake, akumukodola ndi nsidze, akuitana oyera mtima mmodzimmodzi, mpaka kuwakumbutsa masisitere kuti mazira khumi ndi limodzi si masewera. Mphindi zisanu zimatalika bwanji munthu ataima pa mphika wa maluwa!

Wotchi inalira. Madamu Villaruel anausa moyo, navula magalasi. Sanali munthu woipa, ndipo zinkaoneka kuti nawonso zawawawa. Anaimirira, nazungulira tebulo kuti akamutsegulire chitseko.

"Zikomo, Uyanga. Ukhoza kupita."

Kireti ija, yopanda munthu, inabweranso m'maso mwa Manang Doring.

Uyanga anaimirira misozi ili chuchuchu. Koma mwana womvera ndi womvera. Anakweza siketi pang'ono, kabudula wofiira n'kuonekera ndi nambala yake, nabweza mwendo m'mbuyo. Thii! Paja mwendo umenewu unakulira pa hatchi. Mpando unauluka, kukagunda khoma, gubudu! Mphunzitsi wachinyamata uja anabisala kuseri kwa wotchi yake. Uyanga anatembenukira kuchitseko mwachangu kuti asauonenso mpandowo, ndipo potembenukapo, dyaa!

Chala cha Madamu Villaruel.

Uyanga anali atadutsa kale sitepe imodzi pamene anazindikira chimene waponda. Anaima chilili. Madamu anali kumbuyo kwake. Kucheuka, ayi, Manang analetsa. Kuchoka osagwira dzanja, ayi, ndiye kuti udani mpaka imfa, ndi mphunzitsi wamkulu. Manang Doring anaona khosi la mtsikanayo likufuna kutembenuka, likubwerera, likufunanso.

Kenako Uyanga anatambasulira dzanja kumbuyo, ngati wothamanga wodikira kamtengo, nayamba kuyenda chafutambuyo. Dzanja linapapasa mpweya, linagwira fayilo, linagwira chigongono, mpaka linapeza dzanja la Madamu. Gwi! Naligwedeza, nkhope ili kuchitseko.

Madamu Villaruel anali ataima ndi mwendo umodzi ngati kakowa. "Mwana iwe, ukuchita chiyani?"

"Pepani, Madamu, sindingacheuke, mayeso anganditsatire. Komanso sindingakusiyeni, chifukwa ndakupondani, ndipo kwathu ukaponda munthu osamugwira dzanja mumasanduka adani, ndipo ine sindikufuna udani ndi inu ngakhale mwandilepheretsa, chifukwa simunalakwe ndinu."

Zonsezo mpweya umodzi, m'Chingerezi chosalala ngati cha pa wailesi.

Madamu anayang'ana msana wa mtsikanayo. Anayang'ana mnzawo uja, namulozera wotchi ndi milomo. Dzanja sanalisiye.

"Adani? Chifukwa cha phazi lokha? Tafotokoza."

Ndiye mpopi unatseguka. Uyanga anauza chitseko chija zonse. Anati mwana amaphunzira zimenezi asanadziwe n'kumanga nsapato komwe. Anati m'basi ya ku Ulaanbaatar, mzinda wa kwawo, nthawi yozizira, anthu onse atavala zinsapato zikuluzikulu, munthu umatsika utagwirana chanza ndi theka la basi, osadziwa dzina la wina aliyense. Anati azakhali ake awiri sanalankhulane zaka zisanu ndi ziwiri chifukwa wina anaponda mnzake pa ukwati n'kunamizira kuti sanamve. Madamu ankaponya funso, iye kuyankha. Anafotokoza za jipini ndi mkulu wofuna kum'votera, za dzira lotchedwa Yudasi, za pensulo ya mlonda amene anaposa anthu awiri, wodwala ndi wogona. Mphunzitsi wachinyamata anali atagoneka mutu patebulo, mapewa akugwedezeka. Wotchi inalira, palibe anaimva.

"Basi, basi," anatero Madamu pomaliza, akupukuta m'maso. "Mphindi khumi ndi imodzi. Ndibwezere dzanja langa ndisainire pepala lako. Lolemba ukalembetse ku unamwino."

Msana wa Uyanga unagwedezeka. "Ndakhoza, Madamu?"

"Wakhoza. Usacheuke, pita." Kenako anakweza mawu, osayang'ana n'kuzenera komwe. "Nanunso Manang Doring, tsikani pa maluwa angawo."

Manang Doring anatsala pang'ono kugwa ndi thireyi. "Mwandidziwa bwanji, Madamu?"

"Ndani wina amaphunzitsa ana kuswa mipando pa sukulu pano? Ine wanga ndinauthyola mwendo, chaka chimene munkagulitsira pa geti lakale."

"Ndiye munakhoza?"

"Ndinakhoza."

"Nanga mukudandaula chiyani? Landirani nthochi, mudye chala chipole."

Uyanga anayenda bwalo lonse la yunivesite khosi lili gwa ngati msilikali wa pa perete, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Manang Doring anali pambuyo pake, thireyi pamutu, akuvina, akuuza aliyense wokumana naye kuti apatuke, namwino akudutsa. Ana asukulu osadziwa n'chomwe chachitika anayamba kuwomba m'manja. Atangodutsa geti, Uyanga anatembenuka, nawanyamula Manang Doring juu, mapazi lendelende, nthochi zili mbwee pansi.

Pa kangolo utsi unali tolotolo. Nong Tasyo, epuloni pamwamba pa yunifolomu, anali atasandutsa nthochi zonse makala.

"Wakhoza? Ndinadziwa! Pensulo imeneyo!"

"Pensulo yako yachita chiyani? Mazira!"

"Mazira osakwana? Pensulo!"

Manang Doring anawafotokozera zonse, akuchita kusewera: theche, mpando, Madamu pa mwendo umodzi, dzanja la kumbuyo. Pofika pa kulankhula chofulatira paja anaima kaye. Anayang'ana kireti, anayang'ana malo amene iwo amaima pa chiwaya, nayang'ana Uyanga. Chimene chinamasula lilime lija anachiona, sikuti sanachione. Koma mazira anali atagula ndi iwo, ndiye anangokhosomola n'kupitiriza.

Nong Tasyo nawo anali atamva bwino. Anakanda pansi pa chipewa. "Chabwino, wakhoza. Koma namwino wanji wolankhula atafulatirana ndi odwala?"

"Iwe, jakisoni amabaya kuti? Kumaso?"

Uyanga anaseka mpaka kukhala pansi. Kenako anadzuka, napita kwa Nong Tasyo, naponda buti yawo yopukutidwa bwino ija, mwadala, dyaa! Anawagwira dzanja, nawayang'ana m'maso, masaya ali psuu.

"Zikomo chifukwa cha pensulo, Nong. Koma nthochi mwapsereza."

Nong Tasyo chipewa chinagwa. "Doring! Amalankhula!"

"Ndi chiwaya chikulankhula, nkhalamba iwe. Vula epuloni yanga."